Mafuwa a Kuseri kwa Nyumba ya Jaji Tolliver

Munthu ukamapita kwa eni, maso umatenga akwanu. Ndicho chidawapweteka aNangondo.

ANangondo ndi mayi wa kuseri kwa Mponela, kumidzi ya fodya uko, wamfupi, wa mapewa ngati mwamuna, woti mtolo wa nkhuni amasenza popanda nkhata. Mwana wawo wachitatu, Ndaziona, adakwatiwa ndi Levisoni, mnyamata wa ku Ntchisi wophunzira za matenda a fodya, ndipo sukulu yomweyo ndiyo idawatengera awiriwo ku Amereka. Ndaziona atatopa, kutatsala mwezi umodzi kuti achire, adatumiza mawu kumudzi: amayi abwere, ine za chikuta sindizidziwa. Basi aNangondo adapinda zitenje zisanu ndi chimodzi, mipango iwiri ndi Baibulo lawo lothothoka chikuto, nakwera ndege.

Iwo ankayesa kuti Amereka yense ndi nyumba zosanjikizana ngati za pa kanema. Ayi ndithu, adakafikira kumudzi. Chigawo chake amati Kentucky, ndipo kaboma kake, kamene eni ake amati kaunti, ndi ka timapiri, ng'ombe, ndi zigafa zakuda zamatabwa. Atangoona chigafa choyamba pawindo la galimoto, adagwira pakamwa.

"Iii, apongozi! Mwandiyendetsa masiku awiri m'mitambo kuti mudzandionetse fodya wa bale?"

Levisoni, poti ndi mkamwini, adangomwetulira maso ali kumsewu. "Kwawo kwa bale ndi kuno, amayi. Ife tidangobwereka."

Chidawadabwitsa kwambiri ndi zikwangwani. Kuyenda pang'ono, chikwangwani chachitsulo m'mbali mwa msewu, Levisoni n'kuwawerengera. Apa padali chigayo choyamba choyendera madzi. Uwu ndi mlatho wofolera ngati nyumba, womangidwa agogo awo a agogo athu asadabadwe. Apa padabadwira dokotala wina amene ankayenda pa kavalo kuchiza anthu m'mafamu. Pakasukulu aka ka chipinda chimodzi padaphunzitsa mayi wina zaka makumi anayi osajomba.

"Anthu awa ndiye saiwala," adatero aNangondo. "Kwathu ukafa, chaka chamawa pabwalo pako pamera maungu."

Chikwangwani chachikulu koposa chidali pa nyumba ya Jaji Tolliver: chinyumba cha njerwa zofiira, nsanamira zoyera zinayi, pamwamba pa kaphiri. Mudalibe munthu wogonamo. Loweruka lokha ndilo kunkabwera alendo kudzaona bedi la jajiyo, mpando wake ndi magalasi ake. Pachikwangwanipo adalembapo kuti ndiye adamanga khoti loyamba, ndiye adayambitsa fodya m'dera lonselo. Adalembapo dzina la mkazi wake, ana ake asanu ndi awiri, ngakhale la kavalo wake. Kuseri kwa chinyumbacho, potsetsereka, kudali kanyumba kamatabwa. M'menemo ndimo munkakhala Levisoni ndi Ndaziona, ndipo Levisoni ndiye ankasunga makiyi, kutsekulira alendo ndi kutseka.

Mwana adabadwa Lachiwiri, mu Ogasiti, dzuwa likuswa mtengo, fodya m'minda atayamba chikasu. Mwamuna. Kuchipatala adawaumiriza kulemba dzina asadatuluke, koma aNangondo adakanitsitsa kulitchula mchombo usadagwe. Iwo ankangoti "amuna anga".

"Amuna anga awa pakamwa ndiye adatengera kwa agogo awo aamuna," ankatero, poti mwanayo akalira ankamveka mpaka kumsewu. "Kulamula chakudya ngati adalima nawo."

Tsono mayi wochira kumene amafunika kumuthowa ndi madzi otentha, m'mawa ndi madzulo, kuti thupi libwerere m'malo. Apa ndi pamene padavuta. Madzi a mumpopi aNangondo adati ndi ofunda ngati mkodzo wa khanda. Chitofu chamagetsi chidali ndi timiphika toti mungaphikire mphaka. Ndipo tsiku limene adayesa kukazingirapo mtedza, kabelu ka kudenga kochenjeza za utsi kadalira ngati kwalowa wakuba. Adati basi, ine ndisonkha moto panja ngati munthu. Levisoni adawapezera ndowa yachitsulo, nkhuni zidali mbwee m'mbali mwa mpanda. Chidasowa ndi mafuwa. Bwalo lonse lidali kapinga wometa, wopanda ngakhale kamwala kogendera nkhuku.

Lachitatu masana adalowa pansi pa mpanda wa waya, natsika kumunsi, kukafuna miyala.

Pano mundimvetse. Kwathu manda sasowa. Umaona patali msitu wa mitengo ikuluikulu yosadulidwa, uli bii pakati pa minda, ndipo ngakhale mwana amadziwa kuti kumeneko salozako chala. Ndiponso manda a dziko lija aNangondo adali atawaona kale: a jaji ndi banja lake adali pafupi ndi chinyumba, ziliza zoyera zazitali kuposa munthu, mpanda wachitsulo kuzungulira. Ndiye mumtima mwawo adati akufa a pano ndawadziwa pamene ali. Kumunsi kuja kudalibe mtengo, kudalibe mtumbira, kudalibe mtanda. Kudali udzu waufupi, ndi kachomera koyanga pansi ka timaluwa tonga ta mbatata, ndi miyala wamba, yosalemba kanthu, itatulutsa mitu m'nthaka motsatana. Iwo adati udali munda wakale uwu, wina ankaika malire.

Adazula iwiri yofanana bwino. Wachitatu wolingana nayo sadaupeze, ndiye adatenga kena kakang'ono kamene kadali pakokha kumapeto, kamwala ka kumtsinje, kosalala ngati wina ankakasisita tsiku ndi tsiku. Adati ndikakakweza ndi dothi. Kadavuta kuzula kuposa ikuluikulu ija. Pamene kadazuka, nyenje zimene zinkasokosa m'dera lonselo zidangoti zii.

ANangondo adakweza mutu, nayang'ana uku ndi uku. Dzuwa lidali paliwombo. Nyenje zidayambanso. Adasenza miyala yawo, nakwera.

Moto udayaka bwinobwino. Koma utsi sunkakwera. Kunja kulibe mphepo ndi pang'ono pomwe, utsi n'kumakwawa pansi ngati njoka, kulowa pansi pa waya, kutsetsereka kumunsi. Madzi nawo adatenga nthawi yoti mungaphike nyemba. Iwo adati ndi nkhuni zachizungu.

M'mawa mwake adapeza pamoto posesedwa. Phulusa lonse palibe, mizere ya tsache ikuoneka, chonsecho tsache lawo lidagona m'nyumba kuseri kwa chitseko. Miyala iwiri ija idali m'malo mwake. Kakang'ono kaja kadali patali ndi moto ngati phazi limodzi, mbali yakuda ndi mwaye itapukutidwa.

Adamudikira Levisoni atuluke, nayang'ana kumbali monga achitira apongozi.

"Bambo, ngati moto wanga ukukuipitsirani pabwalo, ingondiuzani. Osachita kundiphwasulira mafuwa."

Levisoni adanjuta, manja pamodzi. "Ine amayi? Ndingayambe bwanji kugwira pamoto panu?"

"Nanga wasesa ndani? Mphaka?"

"Kapena agologolo. Kuno ngochenjera."

"Agologolo a kuno amagwira tsache? Ndiye tiwatengereko awiri kumudzi."

Adaseka onse, aNangondo n'kukabwezera kamwalako pamoto.

Tsiku lomwelo kachipewa ka mwana kadasowa pachingwe. Adafuna pansi pa bedi, m'beseni, m'kapinga, osakapeza. Madzulo kudasowa sokosi imodzi, imene Ndaziona adalumbira kuti adamuveka mwana ndi manja ake. Palibe adadandaula kwenikweni. Pakhomo pa khanda zinthu zimasowa.

Lachisanu masana, aNangondo akukankhira nkhuni pansi pa ndowa, nyenje zidatinso zii. Atatembenuka adaona mzimayi ataima kuseri kwa waya.

Adali wakuda ngati ife, wamtali, siketi yofika kumapazi yamtundu wa phulusa, nsalu kumutu, wopanda nsapato. Nkhope yake aNangondo mpaka lero amalephera kuifotokoza. Amati idali ngati ya munthu amene dzuwa lili kumbuyo kwake, chonsecho dzuwa lidali pamutu. Chimene adachiona bwino ndi manja. Adali akuda bii ndi utomoni uja umakanirira m'zala mukamathyola fodya. Manja amenewo aNangondo adakula nawo. Ndipo adali atawapinda pachifuwa monga achitira munthu woyangata mwana, koma m'manjamo mudalibe kanthu.

Mtima wa aNangondo udachita kudumpha ndi chimwemwe. Masabata atatu osaona mzimayi mnzawo woyenda pansi! Adati uyu ndi waganyu wa pafamu ina, wamva kuti pano pabadwa mwana, akuchita manyazi.

"Gudumoning'i, mayi!" Chizungu chawo chidathera pomwepo. "Mwaswera bwanji? Mwachokera kumunda?"

Mzimayiyo sankayang'ana iwo. Ankayang'ana pamoto.

Kwathu pakhomo pakabadwa mwana, munthu saimira kumpanda. Amalowa, amasamba m'manja, amamunyamula, n'kunena kuti wafanana ndi uje. ANangondo adachita chimene akadachita mayi aliyense wa kwathu. Adaloza kukanyumba, nakodola ndi dzanja.

"Fikani, mayi. Lowani mudzaone mlendo. Mudzamunyamuleko."

Apo mzimayiyo adadzutsa mutu pang'onopang'ono, nayang'ana kukhomo.

Phwaa! Pamoto padaphulika. Ndowa idapendekeka, madzi n'kukhuthukira m'makala, nthunzi tolo. Kamwala kakang'ono kaja kadali katasweka pakati. Pamene aNangondo ankatembenukanso, kumpanda kudalibe munthu. Adapita mpaka pawaya, nasuzumira kumunsi. Udzu wonse udali chiimire, wosapondedwa.

Kuyambira ola limenelo, mwana adaleka kulira.

Poyamba Ndaziona adakondwa, adati lero ndigonako. Koma mwanayo sankagona. Maso adali gwa, akuyang'ana pamwamba pang'ono pa bedi, ndipo ankatembenuza kamutu pang'onopang'ono ngati akutsatira munthu woyenda m'chipindamo. Akampatsa bere, ankalavula, n'kubwezera maso komwe kuja. Thupi silidatenthe. Sankaoneka kuti akumva kupweteka. Adali ngati mwana amene wakhuta kwina.

"Amuna anga, mwandikwiyira?" aNangondo adayesa kumuseka. "Mwapeza mkazi wina?"

Mawuwo atangotuluka adalakalaka akadawameza. M'chipindamo munkanunkha fodya wamuwisi.

Dzuwa litapendeka adathamanga naye kuchipatala. Dokotala adamuyeza paliponse, nati sakupeza kanthu. Koma akafika mawa madzulo asadayamwe, abwere naye adzamugoneke, azimudyetsera m'mphuno. Pobwerera m'galimoto mabere a Ndaziona adali atatupa, malaya onse atanyowa.

Atafika kunyumba, pomuvula mwana kuti amusinthe, Ndaziona adaima.

"Amayi, mwamugwira ndi manja amakala?"

"Ine pamwana ndimasamba kaye, iwe ukudziwa."

"Nanga izi?"

Pakamalaya koyera, m'khwapa monse muwiri, pamene munthu amagwira ponyamula khanda, padali zidindo za zala. Zakuda, zomata. Zala zake zazitali kuposa za aNangondo.

"Mwamumwetsa chiyani mwana wanga?" Ndaziona mawu adakwera. "Nenanitu! Mwabwera ndi mizu yanu ya kumudzi, eti? Ndidakuuzani kuti kuno zimenezo ayi!"

"Ndaziona, ine ndakulera ndi mizu iwe?"

"Nanga watani? Dzulo lomweli amalira mpaka kumsewu!"

ANangondo adanunkhiza kamalayako, nakhala pansi. Za mzimayi uja adafuna kunena, koma adati ndiyambira pati.

Kudacha Loweruka mwana asadayamwe. Milomo idayamba kuuma, paliwombo padalowa. Maso okha ndiwo adali amoyo, akuyendayenda. Nthawi zina kathupi kake kankagwedera pang'onopang'ono pabedi, uku ndi uku, monga achitira mwana akamamutonthoza.

Alendo adayamba kufika kuchinyumba cha jaji, Levisoni n'kupita kukawatsekulira nkhope ili yakugwa. M'gulumo mudali mayi wina wokalamba wachikuda, Mayi Odessa Pruitt, mphunzitsi wopuma, woyenda ndi ndodo. Iwowa ankabwera kawirikawiri, koma m'chinyumbamo sankalowa. Ankazungulira kuseri ndi maluwa m'manja, n'kutsikira kumunsi kwa waya. Levisoni ankangoyesa kuti amakonda kuyenda.

Tsiku limenelo sadakhalitse kumunsiko. Adabwerera akupuma mwabefu, ndipo atafika pamoto pa aNangondo adaima ngati awombedwa. Adayang'ana miyala iwiri yakuda ndi mwaye, nayang'ana zidutswa ziwiri za kamwala. Kenaka adatambasula dzanja. Mudali kachipewa ndi sokosi imodzi, zopindidwa bwinobwino.

ANangondo adakuwira Levisoni kuti adzamasulire.

"Akuti... akuti izi azipeza m'kadzenje, kumapeto kwa mzere wa miyala." Levisoni adaloza pamoto. "Akufunsa kuti miyalayi mwaitenga kuti."

"Kumunda wakale uko. Bwanji, ili ndi mwini?"

Mayi Odessa adayankhula nthawi yaitali, motsitsa, osakalipa. Levisoni ankamasulira mawu akudukaduka.

Si munda, amayi. Ndi manda. Fodya amene chikwangwani chikuti adalima jaji, jaji sadagwirepo khasu. Ankalima ndi akapolo, anthu ogulidwa, ndipo akafa ankawaika kumunsi kuja. Chiliza ayi, dzina ayi. Abale ake ankangotola mwala n'kuika kumutu, n'kudzala kachomera koyanga kaja kuti malo asaiwalike. Mayi Odessa ndi mdzukulu wa anthu amenewo. Miyala iwiri ikuluikuluyo ngakhale iwo sadziwa eni ake. Koma kakang'onoko amakadziwa, poti agogo awo adawauza.

Kudali mtsikana dzina lake Lettie, mchemwali wa agogo awo a agogo awo. Adali ndi mwana wa miyezi isanu. Nyengo yodula fodya, ngati ino, ankamugoneka pamthunzi kumapeto kwa mzere, iye n'kumagwira ntchito, osaloledwa kubwerera mpaka mzere uthe. Tsiku lina mthunzi udasuntha, mzere udali wautali. Mwanayo adafera padzuwa. Adamuika m'manda masana omwewo, mabwana ali pachakudya, poti nthawi ina padalibe. Ndipo mkazi wa jaji sankafuna phokoso pafupi ndi nyumba yake. Adalamula kuti aliyense wolira mokweza akwapulidwa. Lettie adakatola kamwala kumtsinje, nakaika, nabwerera kumzere. Chaka chisadathe adamugulitsa kutali. Kumene adafera palibe akudziwa.

"Akuti agogo awo ankati masana, nyengo ya fodya, amabwera kudzaona mwala wake," adamaliza Levisoni. "Akuti ndi chokhacho adatsala nacho."

ANangondo adakhala pansi, manja kumutu.

"Mayo ine. Ndawotcha mutu wa mwana wa eni. Ndiye ine ndemwe n'kumuitana kuti lowani mudzanyamule wathu."

"Mwaitana ndani, amayi?"

Adawauza zonse. Levisoni atamasulira, Mayi Odessa adatseka maso.

"Tiitane abusa," adatero Levisoni.

Mayi Odessa adapukusa mutu. Adati abusa abwerapo kambirimbiri kumunsi kuja, mapemphero achitika, nyimbo zaimbidwa.

ANangondo adatsitsa manja. "Tawafunsani. Mapemphero ndamva. Nanga maliro adalira ndani?"

Levisoni adafunsa. Mayi Odessa adayankha mawu amodzi okha, oti ngakhale aNangondo adawamva popanda womasulira.

"Palibe? Zaka zonsezi?"

"Zoposa zana limodzi ndi makumi asanu ndi limodzi, amayi."

"Ndiye mukudabwa kuti akuyendayenda? Maliro osalira sachoka pakhomo." Adadzuka, nayang'ana kumwamba. Mthunzi wawo udali utatsala pang'ono kulowa pansi pa mapazi. "Bambo, tungani madzi. Fulumirani."

Adatsuka miyala ija ndi manja awo mpaka mwaye udachoka. Zidutswa za kakang'ono adazilumikiza, nazimanga ndi mkawo umene adang'amba ku chitenje chawo chatsopano. Adavula nsapato, namanga mpango m'mimba monga amangira amayi pamaliro. Levisoni adanyamula ikuluikulu, iwo adafukata kakang'ono, Mayi Odessa pambuyo ndi ndodo yawo. Alendo adatuluka pakhonde la jaji kudzaonerera, ena atakweza mafoni.

Mwala uliwonse udalowa m'dzenje lake ngati dzino. Levisoni adabwerera kukaima pawaya, poti awa adali maliro a amayi. ANangondo adakhala pansi pambali pa kamwala, miyendo tambalale. Nyenje zidati zii.

Nthawi yomweyo kukanyumba kudamveka Ndaziona.

"Amayi! Levisoni! Mwana akuzizira! Amayi, bwerani!"

Thupi lonse la aNangondo lidafuna kudzuka. Adagwira udzu ndi manja onse awiri kuti asadzuke. Adatsekula pakamwa, ndipo poyamba mawu adatuluka ouma, amanyazi, ngati a munthu wobwera kumaliro a mlendo.

"Mayo ine, mwana wa eni ine! Wagona padzuwa wopanda womufunditsa ine!"

Palibe chidachitika. Pakhonde wina adaseka pang'ono, mnzake n'kumuletsa.

"Amayi!" Ndaziona tsopano ankakuwa. "Sakuphethira!"

Apo chidawatsekuka cha m'mimba. Adabuma maliro enieni, aja amadzutsa mudzi, aja amamveka kutsidya kwa dambo.

"Mayo, mwana'nga ine! Amako ali kumzere sadamve ine! Udalira mpaka mawu kutha ine! Adakuika ngati mbatata, osakulira ine! Mayi mnzanga, adakutseka pakamwa ine! Mkaka udakuumira m'chifuwa ine! Bwera udzalire, lero palibe akumenye! Wako ndi uyu, mayi mnzanga, wako ndi uyu! Uyo ndi wa eni, m'bwezere amake!"

Mayi Odessa adaponya ndodo, nagwada movutikira, nayamba kubuula chapansipansi, akugwedeza thupi. Chichewa sadachimve, koma maliro safuna womasulira.

Chitseko cha kanyumba chidatsekuka. Levisoni amalumbira kuti adachiona ndi maso ake: chidatsekuka, chidakhala kanthawi, n'kutsekeka, popanda wotuluka. Kenaka waya wa mpanda udalira pafupi ndi iye, ndipo kudamudutsa kamphepo kozizira, konunkha fodya wamuwisi. Udzu udayamba kugona, pano, apo, apo, kutsetsereka. Udafika pakamwala. Pambali pa aNangondo udzu udaphwatalala malo okwana munthu mmodzi.

ANangondo sadayang'ane. Adapitiriza kubuma mpaka mpweya udawathera, ndipo adaima kuti apume.

Kulira sikudaime.

Kudali kwa mawu aang'ono, osasa, ngati chitseko chimene chakhala zaka chosatsekulidwa. Kudayamba monjenjemera, ngati kukuyesa ngati n'zololedwa. Kenaka kudakwera. Ndipo kumiyala ina, uko ndi uko m'timaluwa muja, kudayamba kuyankha ena. Ena aakulu, ena aamuna, ambiri kuposa miyala imene inkaoneka. Pakhonde la jaji mafoni adatsika. Bambo wina adavula chipewa. Ena adalowa m'galimoto zawo osatsanzika.

Pakati pa zonsezo, kukanyumba kudang'ambika mfuu wina, waukali, wolamula, womveka mpaka kumsewu.

Levisoni adathamanga ngati wamisala. Patapita kanthawi mfuuwo udaduka mwadzidzidzi, ndipo pawindo padatulukira mawu a Ndaziona, akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

"Akuyamwa! Amayi, akuyamwa! Akundiluma!"

ANangondo adatseka maso, misozi ili chuchuchu, koma sadasunthe. Levisoni adatsikanso mpaka pawaya, nanjuta.

"Amayi, zatheka. Tiyeni mukamuone."

"Pitani inu, bambo. Ndimupeza."

"Koma amayi, pano..."

"Mudaona kuti munthu akuchoka pamaliro namfedwa asadatonthole? Uyu wangoyamba kumene."

Levisoni adabwerera yekha. Atafika pakhomo adacheuka. Kumunsi kuja kudali amayi awiri okalamba atakhala pa udzu, pakati pawo pali mpata. Dzanja la aNangondo lidali m'malere pamwamba pa mpatawo, pamsinkhu wa phewa la munthu wokhala pansi, likusisita pang'onopang'ono.